Kodi ovundula miyala mumtsinje wa Likangala akufunamo chiyani?

FUNSO: Akonzi, ine ndimakhala kwa Chikanda. Mwezi watha ndinaona achinyamata ovala majombo akupalasa miyala ndi mapazi mu Likangala, mnzawo atatchera kaukonde kumunsi kwawo. Zimene anakola anazikhuthulira m'beseni loyera, n'kuziwerenga, kenako n'kuzibwezera m'madzi. Anandionetsanso chithunzi cha kanyama kangati nkhanu, koma kotalika ndiponso kamchira, n'kundifunsa ngati ndinakaonapo. Kodi ntchito yotereyi ili ndi phindu lanji? Wowerenga, Zomba.

YANKHO: Zikomo owerenga athu. Zimene munaonazo ndi kalembera wa zamoyo za m'madzi, ndipo cholinga chake n'kudziwa ngati mtsinje uli bwino kapena ukudwala. Madzi otunga m'botolo amangosonyeza mmene mtsinje unalili pa nthawi yotungayo, pamene tizilombo tokhala kunsi kwa miyala timakhalamo miyezi yambiri, ndipo tikasowa ndiye kuti chilipo chatipitikitsa. Pamene madzi ali ozizira ndi oyera, monga mu Mulunguzi pamwamba pa phiri la Zomba, munthu amayembekezera kupeza nkhanu ndi ana a tizilombo touluka tamitundumitundu. Pamene pathiridwa zonyansa, m'beseni muja mumachuluka timphutsi tofiira ta m'matope, nyongolotsi ndi misundu, zimene zimapirira ngakhale mpweya utachepa m'madzi. Beseni limakhala loyera kuti tinthu tating'onoti tioneke msanga tikamayenda.

Kanyama ka pachithunzipo ndi crayfish, ndipo si kathu kuno, pakuti kumtunda konse kwa Africa kulibe mtundu wake wachibadwidwe, kupatula pachilumba cha Madagascar. Mtundu wina wochokera ku Australia, umene amuna ake ali ndi banga lofiira pazipanira, unathawa m'maiwe oweteramo ndipo unakhazikika mumtsinje wa Kafue ku Zambia ndi m'nyanja ya Kariba, kumene asodzi amadandaula kuti umadya nsomba zokodwa mu ukonde asanakauvuule. Poti crayfish imayenda usiku, ofufuza amatchera misampha yonga mono madzulo, ataikamo nyambo, n'kudzaonja m'mawa, ndipo amalemba chiwerengero cha zokodwa pa msampha uliwonse kuti adzayerekeze akadzabweranso pamalo omwewo nyengo ina.

Ife tikuona kuti ku Zomba ntchitoyi ndi yofunika kuposa malo ambiri, chifukwa cha nyanja ya Chilwa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, motero zonse zimene Likangala, Domasi ndi Phalombe anyamula zimathera momwemo. Chilwa ikaphwa, monga zinachitikira mu 1968 ndi 1995, matemba, makumba ndi milamba zimapulumukira m'maiwe a mitsinje yomweyi ndi m'madambo, ndipo zotsalazo ndi zimene zimadzaswananso madzi akabwerera. Chilombo chachilendo chodya mazira a nsomba chitalowa m'maiwe amenewa, vuto lake likafika mpaka kwa asodzi a ku Kachulu, ndiponso kwa ife tonse odyera matemba.

Mukadzakola kanyamako m'mono wanu, musakabwezere m'madzi kapena kukapatsa mnzanu kuti akawete. Kajambuleni pafoni, lembani tsiku ndi dzina la malowo, ndipo kadziwitseni alangizi a zausodzi a m'dera lanu kapena akatswiri a ulimi wa nsomba ku Domasi.