Samani ya patenti yafika: chaka chimodzi chija chayamba kale kuwerengedwa

Funso: Ndili ndi kakampani ku Texas kothandiza anthu akwathu kuimba foni ku Malawi ndi ku Zambia kudzera pa intaneti. Masabata awiri apitawo tinalandira samani yochokera ku khothi la federal. Kampani ina imene sitinaimvepo ikuti njira yathu yolumikizira foni ya pa intaneti ku nambala wamba ndi patenti yawo. Iwowo sagulitsa chilichonse, alibe ngakhale kasitomala mmodzi. Alamu anga akuti tisavutike chifukwa seva yathu ili ku Johannesburg, ndipo loya wa mbali inayo akuti tikambirane kaye, mwina mlanduwo auchotsa. Kodi chilungamo chili pati?

Yankho: Bambo, zachilungamo tikamba bwino, panopa tengani kalendala. Muli ndi masiku 21 kuchokera tsiku limene munapatsidwa samani kuti muyankhe kukhothi, ndiye kuti kwatsala sabata imodzi. Mukakhala chete, khothi likhoza kugamula inu kulibe. Kampani siiloledwa kudziyankhira yokha ku khothi la federal, pafunika loya, ndipo loyayo akhoza kupempha masiku owonjezera. Zoti odandaulawo sapanga kanthu musazidalire: lamulo la ku America silikakamiza mwini patenti (ufulu wa pa lamulo woletsa ena kugwiritsa ntchito nzeru yatsopano imene munthu watulukira) kuti akhale ndi fakitale kapena makasitomala asanasumire munthu.

Za alamu anuwo, aleke kugamula milandu pa WhatsApp. N'zoona kuti patenti ya ku America imathera m'malire a dzikolo. Koma kampani yopanga BlackBerry inanenanso zomwezo, kuti makina ake olumikizira uthenga ali ku Canada, ndipo mu 2005 khothi la apilo linati ngati makinawo akugwiritsidwa ntchito ndi kupindulira anthu amene ali ku America, patenti ikhoza kuwagwira. Mu 2006 inalipira kampani ya NTP madola 612.5 miliyoni kuti nkhani ithe. Seva ya ku Johannesburg ikhoza kukuthandizani ngati patentiyo ikukamba za ndondomeko ya masitepe, popeza pamenepo sitepe iliyonse iyenera kuchitikira ku America, koma zimenezi zimadziwika munthu akawerenga mawu a patentiyo mzere ndi mzere.

Pamene milandu yambiri yotere imagwera ndi apa. Kuyambira mu 2012, woimbidwa mlandu akhoza kupita ku ofesi ya mapatenti, USPTO, kukapempha kuti patentiyo iunikidwenso. Njirayi imatchedwa inter partes review, mwachidule IPR. Mumapita ndi mapatenti akale kapena zolembedwa zosindikizidwa zosonyeza kuti nzeruyo inalipo kale, kapena kuti katswiri aliyense akanaiganiza. Umboni wofunika kumeneko ndi wopepukirapo kuyerekeza ndi wa kukhothi, ndipo oweruza ake ndi anthu odziwa zaumisiri. Pa nkhani za foni ya pa intaneti zolembedwa zakale n'zambiri: VocalTec inatulutsa pulogalamu yake yoimbira foni mu 1995, ndipo pa ndondomeko zolumikizira mafoni a pa intaneti, H.323 inabwera mu 1996, SIP inasindikizidwa mu 1999.

Koma gawo 315(b) la lamulo la mapatenti limati pempholi silingalandiridwe pakadutsa chaka chimodzi kuchokera tsiku limene munapatsidwa chikalata cha mlandu. Chakacho sichiima chifukwa mukukambirana. Ndipo mmene USPTO yakhala ikuchitira, sichifufutika ngakhale odandaulawo atauchotsa mlandu mwa kufuna kwawo n'kusiya mpata wodzausumanso. Ganizirani bwino lonjezo la loya uja. Auchotsa mlandu mu mwezi wachitatu, inu mupuma n'kuponya mafayilo mu kabati. Pakatha miyezi khumi ndi iwiri ndi tsiku limodzi kuchokera pa samani yoyamba ija, samani ina ikhoza kufika, pa patenti yomweyo, khomo la IPR litatsekeka. Mwatsala ndi khothi lokha, kumene ndalama zimapita ngati madzi.

Nkhaniyi inafika mpaka ku khothi lalikulu kwambiri la ku America pa mlandu wa Thryv ndi Click-to-Call, wokhudzanso patenti ya kuimba foni. Mlandu woyamba unasumidwa mu 2001 n'kuchotsedwa, pempho la IPR linabwera mu 2013. Mu 2020 khothilo linagamula kuti zimene USPTO yanena pa nkhani ya chaka chimodzichi sizichitidwa apilo. Tanthauzo lake kwa inu ndi lakuti akakukanani pa za nthawi, palibe kolirira. Malirewa amagwiranso amene muli nawo pa mgwirizano wapafupi pa mlanduwo, choncho kutuma kampani ya m'bale wanu kuti ikapemphe m'malo mwanu sikungakupulumutseni. Kampata kokha n'kolowa nawo m'pempho la wina limene lalandiridwa kale, ndipo nakonso kali ndi nthawi yake yaifupi.

Musadikirenso mwezi wa khumi ndi chimodzi. USPTO ili ndi mphamvu yokana pempho ngakhale lafika pa nthawi yake, makamaka ngati mlandu wa kukhothi wayandikira kuzengedwa, ndipo malangizo awo pa zimenezi amasinthasintha moti ngakhale maloya amatopa nawo. Malipiro a boma okha amaposa madola 40,000, loya asanalandire kanthu. Mukaluza, simuloledwa kukabwereza kukhothi mfundo zimene munapereka kapena zimene mukanatha kupereka. Sindingalonjeze kuti IPR ndi yoyenera kakampani ngati kanu. Chimene ndikukana n'chakuti ufuluwo uthe chifukwa choti palibe amene analemba tsiku.

Mukuona ngati akukuponderezani, ndipo mbiri ya bizinesi yanuyi ikuvomereza pang'ono. Mu March 2007 khothi la ku Virginia linapeza kuti Vonage, kampani ya foni za pa intaneti, inaphwanya mapatenti atatu a kampani ya mafoni ya Verizon, n'kuilipiritsa madola 58 miliyoni ndi 5.5 peresenti ya ndalama zolowa m'tsogolo. Woweruza anaperekanso chiletso choti isalembe makasitomala atsopano, ngakhale khothi la apilo linachiimitsa. Chaka chomwecho Vonage inagwirizana zolipira Verizon mpaka madola 120 miliyoni, Sprint 80 miliyoni, AT&T 39 miliyoni, uku akatswiri ake ali kalikiliki kusintha makina kuti azembe mapatentiwo m'malo mopanga zatsopano. Zinthu zasinthako: chigamulo cha mu 2006 pa mlandu wa eBay chinachititsa kuti mwini patenti wosagulitsa kanthu avutike kupeza chiletso, ndipo cha mu 2014 pa mlandu wa Alice chagwetsa mapatenti ambiri ongofotokoza ganizo wamba lochitidwa pa kompyuta. Ngati patenti imene akukusumiraniyo ndi yotero, loya akhoza kupempha kuti mlandu uthere koyambirira, koma oweruza amasiyana pa zimenezi.

Zina mwachangu. Musafufute imelo, code kapena zolemba za seva, kufufuta kumalangidwa. Uzani antchito asalemberane maganizo awo pa patentiyo, mauthengawo adzawerengedwa kukhothi. Onani mgwirizano wanu ndi amene anakugulitsani pulogalamu kapena makina, mwina analonjeza kukutetezani pa milandu ya patenti, ndipo ambiri amafuna kudziwitsidwa msanga polemba kalata. Inshuwalansi nayo idziwitseni. Funsani ngati akusumirani m'dera loyenera, chifukwa mfundo imeneyi mukapanda kuinena poyankha koyamba imatayika. Patenti imakhala zaka 20 kuchokera pamene inapemphedwa, ndipo chipukuta misozi sichibwerera m'mbuyo kupitirira zaka 6. Khothi likaona kuti munaphwanya mwadala, likhoza kuchulukitsa ndalamazo mpaka katatu.

Mukasankha kugwirizana, musavomere kuchotsa mlandu kwa pakamwa. Chikalata chinene kuti mlandu watha osadzabweranso, chitchule mapatenti onse a banja limenelo, ndipo chiteteze makasitomala anu ndi ogulitsa makhadi anu oimbira foni.