Kodi ndemanga za magemu zingathandize kholo kusankhira mwana?

Mayi wina wanditumizira kalata pa imelo kufotokoza kuti mwana wawo wa zaka 11 akuumirira kuti amugulire gemu ya Grand Theft Auto V, ndipo wawaonetsa tsamba la Metacritic, lomwe limasonkhanitsa ndemanga za magemu, pomwe gemuyi inapatsidwa malikisi 97 pa 100. Akufunsa ngati ndemanga zotere zili zokwanira kuti kholo lizidalire.

Mayi, malikisi amenewo ndi oona, koma akuyankha funso lina osati lanulo. Anthu amene amalemba ndemanga pa masamba monga IGN ndi GameSpot ndi akuluakulu omwe akulembera akuluakulu anzawo, ndipo chimene amaunika ndi kukongola kwa zithunzi, kukoma kwa nkhani komanso ngati gemuyo ikuyenera ndalama zake. Grand Theft Auto V, yomwe inatuluka mu 2013, inakonzedwa mwaluso ndithu, komatu wosewera amakhala chigawenga choba galimoto ndi kuthyola mabanki, ndipo pali gawo lina pomwe iye mwini amazunza munthu womangidwa pofuna kuti aulule zinthu. Wolemba ndemanga akhoza kuitchula nkhaniyi m'chiganizo chimodzi, n'kupitiriza kuyamikira.

Chimene chingakuthandizeni koposa ndi chizindikiro cha msinkhu chomwe chimakhala pachikuto. Ku America ntchitoyi imagwiridwa ndi bungwe la ESRB, lomwe linakhazikitsidwa mu 1994 aphungu atadandaula za nkhanza za mu Mortal Kombat, pomwe ku Ulaya kuli PEGI, yomwe inayamba mu 2003 ndipo imagawa magemu pa zaka 3, 7, 12, 16 ndi 18. Gemu ya mwana wanuyi ili pa 18, ndipo a ESRB anaipatsa M, kutanthauza zaka 17 kupita m'tsogolo. Kuseri kwa chikuto kumakhalanso tizithunzi ta PEGI tofotokoza chifukwa chake: chibakera chikuimira chiwawa, kangaude akuimira zoopsa, jakisoni akuimira mankhwala ozunguza bongo. Ine ndimaona kuti tizithunziti n'tofunika kuposa nambalayo, chifukwa banja lina silidandaula ndi ndewu za zidole koma silingalole kutukwana m'nyumba.

Ngakhale zizindikirozi zili ndi malire ake. Magemu ampira a FIFA ankalembedwa kuti ndi oyenera zaka 3, pomwe m'kati mwake munali mapaketi a osewera ogulidwa ndi ndalama zenizeni popanda kudziwa chimene chitulukemo, mchitidwe womwe dziko la Belgium linautcha juga mu 2018. Palibenso bungwe lomwe lingayeze zimene mwana angamve kwa anthu achilendo akamacheza nawo mu Roblox, Fortnite kapena Free Fire, ndipo a ESRB amavomereza poyera kuti macheza a pa intaneti sawaunika. Pa Google Play, kumene ana athu ambiri amatenga magemu a pafoni, msinkhu umatuluka pa mayankho amene wopanga gemuyo wapereka yekha pa fomu.

Ndemanga zolembedwera makolo zilipo, makamaka za bungwe la Common Sense Media, lomwe limafotokoza chiwawa, zolaula, kutukwana ndi zogulagula chilichonse pachokha. Ndi zothandiza, kungoti zimalembedwa potsatira kaleredwe ka ku America, choncho werengani zimene akufotokozazo ndipo chigamulo chikhale chanu. Mukatero, lembani dzina la gemuyo pa YouTube ndi kuonera munthu akuisewera, makamaka chapakati osati poyambira, popeza zambiri zovuta zimabwera nkhani ikafika patali. Bando yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa chimbale.

Pa gemu imene mwafunsayi, ine sindingamugulire mwana wa zaka 11. Ngati chimene chikumukopa ndi kuyendetsa galimoto, Forza Horizon 5 ndi Rocket League zili pa msinkhu wa ana, ngakhale kuti mu Rocket League muyenera kutseka macheza ndi anthu osawadziwa musanamupatse.