Kodi timapepala totsatsa malonda tidakali ndi ntchito?

Mayi wina wafunsa ngati mwana wawo, amene akuphunzira za malonda ndipo ku kampani kumene akuzolowera ntchito amuuza kuti azikonza timapepala totsatsa katundu, sakungotaya nthawi masiku ano pamene anthu ambiri amatsatsa pa Facebook ndi WhatsApp.

Amayi, mwanayo sakutaya nthawi, bola amvetse kuti kapepala kalikonse kamakonzedwa poganizira pamene wogula wafika pa maganizo ake ogula. Kapepala ka tsamba limodzi, kamene kamagawidwa pa Chionetsero cha Malonda ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, kamapita kwa munthu amene sakuidziwa n'komwe kampaniyo, choncho kayenera kunena chinthu chimodzi chokha ndi nambala ya foni. Pepala la A4 likapindidwa kawiri n'kupanga zigawo zitatu, kutsogolo ndi kumbuyo limakhala ndi mbali zisanu ndi imodzi, ndipo limeneli ndi loyenera munthu amene wayamba kale kufunsa, monga mlimi amene ali m'sitolo ya zipangizo zaulimi ndipo akufuna kudziwa kusiyana kwa mbewu ziwiri za chimanga.

Mtundu umene ndimauona kuti ndi wofunika kwambiri, ngakhale ophunzira amaunyalanyaza, ndi kabuku kamene wogulitsa amasiya akamaliza kukambirana ndi kasitomala. Nthawi zambiri amene wogulitsayo walankhula naye si amene amavomereza kuti ndalama zituluke. Mkulu woona za chuma kapena komiti ya sukulu idzawerenga kabukuko wogulitsayo kulibe, ndiye kayenera kuyankha kokha mafunso okhudza mtengo, kalipiridwe ndi zimene kampani idzachite katunduyo akawonongeka. Apa mpofunikanso kulemba zoona zokhazokha, chifukwa kunamiza ogula potsatsa malonda ndi mlandu umene bungwe loteteza ogula la Competition and Fair Trading Commission limafufuza. Palinso kabuku ka mndandanda wa katundu yense, koma kameneka kamathandiza makamaka kasitomala wakale amene akungofuna kuitanitsa.

Intaneti sinachotse luso limeneli, popeza timabuku tomweti timatumizidwa pa WhatsApp ngati PDF. Mwanayo aphunzire pulogalamu ya pakompyuta yokonzera timapepala ngati CorelDRAW, Adobe InDesign kapena Canva, koma alimbikire kwambiri kulemba Chichewa ndi Chingerezi chomveka. Asungenso chitsanzo cha kapepala kalikonse kamene wakonza, kuti pa mayeso olowera ntchito adzathe kufotokoza kuti kanali ka wogula wotani, ndiponso ngati anthu anaimbadi foni atakawerenga.