Kwa achemwali ofunsa za mng'ono wawo woyembekezera ku Mchengautuwa

Achemwali, mwati mng'ono wanu ali ndi pakati pa miyezi inayi, bambo akunyumba ntchito inawathera, ndipo sikelo sanayambe poopa ndalama. Ndiye mukufunsa ngati boma lili ndi inshuwalansi ya amayi ovutika yoti mukamulembetse. Ndaona ena akuuzani kale kuti mukatenge ngongole ku banki m'khonde. Taimani kaye.

Palibe kolembetsa. M'zipatala za boma sikelo ndi yaulere, kuchira n'kwaulere, ngakhale opaleshoni. Inshuwalansi yake ndi msonkho womwe tonse timadula pogula sopo ndi shuga. Mawa lomwe apite ku chipatala cha boma cha Mapale ndi buku lake lakuchipatala. Asathamangire ku chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, kumeneko amapita akatumizidwa ndi kalata, anamwino akaona kuti pali chovuta.

Miyezi inayi wachedwa kale, koma si zoti n'kumukalipira. Kale ankati maulendo anayi akwana, pano achipatala amafuna mayi aonedwe kasanu ndi katatu, koyamba miyezi itatu isanathe. Sikelo si kukwera pa sikelo kokha ayi. Amamuyeza BP, kuchuluka kwa magazi, chindoko ndi HIV. Amamupatsa neti, katemera wa kafumbata, Fansidar woteteza malungo, ndi timapiritsi towonjezera magazi tija ambiri amataya kuseri kwa nyumba ati tikuwachititsa nseru. Muuzeni azimwa madzulo atadya, asataye. Akapezeka ndi kachilombo amayamba ma ARV nthawi yomweyo kuti mwana atetezeke. Njira imeneyi, ya Option B+, inayambira kuno ku Malawi mu 2011, mayiko ena anachita kutengera kwa ife.

Za St John's ndi Ekwendeni: izi ndi zipatala za mishoni, za pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ndipo mwachizolowezi kumakhala kolipira. Koma boma limasainirana mgwirizano ndi zipatala zambiri za CHAM, umene amautcha SLA, kuti amayi oyembekezera ndi makanda a m'dera lozungulira azithandizidwa ulere, bilu n'kupita ku boma. Mgwirizanowu umayenda chipatala ndi chipatala, ndiye asanagone pabedi funsani pakhomo kuti "za amayi oyembekezera zili pa SLA, ndipo a dera lathu akuwerengedwamo?" Funso lokhalo lingakupulumutseni ku ngongole.

Tsono ndikuuzeni kumene ndalama zimathera, chifukwa ine ndinakhalapo gadiyani wa mlamu wanga. Matenda anamuyamba cha m'ma 1 koloko usiku, mu Epulo, mvula ya Mzuzu ija yosadziwa kukata. Kumene tinkakhala galimoto sitsika kukagwa mvula. Wa taxi tinamuimbira anatchula mtengo wowirikiza katatu, n'kunenanso kuti timupeze kumsewu waukulu. Tinamuyendetsa mlamu wanga m'matope, wina atagwira tochi ya pafoni, ine beseni pamutu, iye akuima mtunda uliwonse kugwira mpanda wa eni ake. Titafika, azamba anali mmodzi pa amayi angapo, ndipo m'mawa mwake anatilembera mankhwala ena oti tikagule ku famase chifukwa anali atatha. Chipatala sichinatilipiritse ngakhale tambala, koma sabata imeneyo inatisiya m'manja muli gwa.

Choncho kangachepe komwe muli nako musungire zinthu izi: thiransipoti ya usiku, zitenje zochapa bwino, beseni, pepala lapulasitiki loyala, zovala za mwana, ndi kena kapadera ka mankhwala akasowa. Zina anamwino adzamuuza ku sikelo. Nambala za oyendetsa galimoto awiri zikhale mufoni, osati mmodzi. Kabaza musamuwerengere usiku umenewo. Ngati kwawo n'kovuta kutulukako, mwezi wachisanu ndi chinayi adzakhale kwa inu kapena afunse za chidikiro, nyumba ya pachipatala yodikiriramo tsiku lochira.

Adzapezeka azakhali onena kuti ife tinachirira kwa azamba akumudzi ndipo tili moyo. Zoona, ali moyo, koma amene sanapulumuke sali pano kuti ayankhe. Kafukufuku wa boma wa 2004 anapeza kuti amayi 984 pa ana 100,000 obadwa amoyo ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Mu 2010 anali 675, pofika 2015-16 anatsika kufika 439. Pa zaka zomwezi ndi pamene amayi ambiri anayamba kuchirira kuchipatala, mafumu ngati Inkosi Kwataine ya ku Ntcheu akulimbikitsa, ndipo mayi Joyce Banda atalowa mu 2012 anakankha nkhani ya uchembere wabwino ndi kumanga zidikiro. Mayi akayamba kutaya magazi atachira, mzamba wakumudzi alibe jakisoni, alibe magazi oti amuwonjezere. Mankhwala achikuda ofulumizitsa matenda aja, mwanamphepo, asayerekeze n'komwe, amatha kung'amba chiberekero.

Asadikire tsiku la sikelo akaona magazi, mutu waukulu ndi chizungulire kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, madzi kutuluka nthawi isanakwane, kapena mwana atasiya kugunda. Zimenezo n'zonyamuka nthawi yomweyo, kaya ndi usiku.

Nkhani ya mwamuna: amalimbikitsa kubwera naye ulendo woyamba kuti akayezetse limodzi, ndipo poti alamu anuwo ali pakhomo, alibe chothawira. Akakana, mng'ono wanu apitebe, mumuperekeze inuyo. Wina akamubweza kapena kumuitanitsa ndalama pa chipatala cha boma, funsani ofesi ya ombudsman wa chipatala, wolandira madandaulo a odwala, mukadandaule. Ndipo ngati ali ndi manyazi kufunsa pamaso pa anthu, aimbe ku Chipatala cha pa Foni, komwe amapereka uphungu wa zaumoyo, n'kwaulere. Mukabwerako ku Mapale mudzatiuze kuti BP anaipeza bwanji.