Tasiya nyama pakhomo, koma ndikuyamwitsa

Azakhali,

Ndine mayi wa ana awiri, ndimakhala kwa Kamwendo ku Mchinji. Chaka chatha bambo a kunyumba anawapeza ndi BP, ndipo titamva maphunziro a zaumoyo kutchalitchi tinagwirizana zosiya nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Zakumwa za m'mabotolo tinasiyanso. Thupi ndikulimva kupepuka, ndalama ya ndiwo nayo yatsika. Koma apongozi anga sakugona nazo tulo. Akuti ndikupha ana ndi masamba, moti tsiku lina ndinawapeza kuseri kwa nkhokwe akumudyetsa wamkuluyo matemba. Wamkulu ali ndi zaka 4, wamng'ono miyezi 9 ndipo akuyamwa. Mnzanga wina akuti ndisiyenso katemera ndi mankhwala a kuchipatala, tizingodalira zitsamba. Kodi ndalakwitsa?

Mayi wodandaula, Mchinji

Mwana wanga,

Simunalakwitse kufuna kuti banja lanu lizidya za kumunda. Ine ndinakulira kwa Santhe ku Kasungu, kumene nyama timailawa pa Khirisimasi kapena pamaliro, ndipo tinakula ndi nkhwani wotendera, khobwe ndi mfutso. Kwa bambowo, nyemba ndi masamba ziwathandiza, bola muchepetsenso mchere, ndipo mankhwala awo a BP asasiye popanda adokotala kunena.

Koma apongozi anu musawaone ngati mdani. Pali chinthu chimodzi chimene akuchiopa ngakhale dzina lake sakulidziwa, ndipo inenso chandidetsa nkhawa nditawerenga kuti mukuyamwitsa. Ndi vitamini B12. Ameneyu m'munda mulibe. Mu soya mulibe, mu bonongwe mulibe, ngakhale mu chammwamba amene anthu amamutama chonchi simungamudalire. Amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Munthu wamkulu amamusunga m'chiwindi, n'chifukwa chake mutha kukhala zaka osamva kanthu, kenako n'kuyamba dzanzi m'mapazi, kutopa ndi kuchepa magazi. Khanda lilibe nkhokwe yotere, limadalira zimene zili m'bere la mayi ake. Mayi akaperewedwa, mwana amafooka, amachedwa kukhala ndi kukwawa, ndipo zikachedwa kudziwika ubongo umavulala mwina osabwereranso. Mwana wotere angathe kuoneka wokhuta, nsima ndi phala akudya bwinobwino.

Ndiye musankhe chimodzi sabata yomwe ino. Mwina mubwezere dzira ndi timatemba m'mbale mwanu ndi mwa ana, nyama ya mbuzi ndi ya nkhumba n'kuisiya ndithu monga mwafunira. Kapena, ngati mtima wanu watsimikiza kuti chanyama chilichonse ayi, pitani kuchipatala mukawauze momveka kuti simudya chanyama chilichonse ndipo mukuyamwitsa, akuuzeni mapilitsi a B12 oyenera inu ndi ana. Mukanena kuti "ndimadya bwino" sangadziwe. Kunena zoona, kwa ana aang'ono chonchi ine ndingasankhe dziralo, chifukwa mapilitsi amatha, sitolo ya mankhwala ili kutali, pamene nkhuku ikuikira pakhomo pomwepo.

Kusikelo amaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyemba, zamasamba, zipatso, zamafuta ndi zanyama. Mwachotsa limodzi, ndiye asanu otsalawo asamajombe. Apa inu a ku Mchinji muli ndi mwayi, mtedza ndi soya mumalima nokha. Phala la mwana likhale la mgaiwa, osati la ufa woyera. Tengani mbale zinayi za chimanga ndi imodzi ya soya, umu ndi mmene amasakanizira Likuni Phala. Soyayo muyambe mwakazinga mpaka fungo lauwisi litachoka, chifukwa wosapsa savomera m'mimba. Pophika thiranimo nsinjiro, supuni yaing'ono ya mafuta ophikira, ndi masamba osinja. Mukatunga ndi supuni n'kuipendeka, phalalo lizikakamira, lisamachite kuyenderera ngati thobwa. Kamimba ka mwana wa miyezi 9 n'kakang'ono, phala lamadzimadzi limangomudzaza osamupatsa mphamvu. Adye katatu kapena kanayi patsiku, bere osasiya mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira.

Pa mtedza ndikudandaulireni. Timakonda kugulitsa wabwino kwa mavenda, wofota ndi wachuku n'kusinjira ana. Chukucho chili ndi poizoni amene amawononga chiwindi ndi kupinimbiritsa mwana, ndipo kukazinga sikumuchotsa. Khalani pamphasa ndi lichero, wa pakhomo muusankhe umodziumodzi.

Za magazi, thupi silitenga msanga ayironi wa m'nyemba ndi m'masamba. Limathandizidwa ndi zipatso monga magwafa, malambe, mango ndi mandimu, choncho mwana akadya nyemba mupatseni kachipatso pompo. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza ayironiyo, ndiye asamayendere limodzi ndi chakudya. Soda ndi chidulo m'masamba muchepetse, zimapha mavitamini. Mbatata yofiira mkati ndi maungu zisamasowe, mchere ukhale wa ayodini. Uchi musamupatse wamng'onoyo mpaka atakwanitsa chaka.

Mnzanu uja musamumvere. Chikuku sichiona kuti mwana amadya masamba, ndipo malungo a khanda sadikira kuti nimu awire. Thupi likatentha, kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi. Katemera amalize yense, sikelo mwezi ndi mwezi, ndipo muziyang'ana nokha mzere wa m'buku mwake ngati ukukwera. Ukaima miyezi iwiri, auzeni alangizi a zaumoyo zonse zimene mwana amadya.

Apongozi anu musawasiye kuseri kwa nkhokwe. Aitaneni pakhonde bambo ali pomwepo, muwafotokozere chifukwa chimene munasiyira nyama, muwauzenso zimene mwasankha pa za anawo. Ulendo wa kusikelo wotsatira mupite nawo, akaone okha mdzukulu wawo akukwezedwa pasikelo. Ndipo ngati mwasankha dzira, ntchito yowaphikira adzukulu muipereke kwa iwowo.

Azakhali