Mafunso a Owerenga: Kodi masamu a kusukulu angandiuze phindu la mandasi?

Funso: Akonzi, ndimagulitsa mandasi ku msika wa Ndirande pa K200 limodzi. Ufa, mafuta ophikira, shuga ndi yisiti zimandidyera K120 pa limodzi, pomwe chiphaso cha msika, minibasi ndi makala zimakwana K4,000 pa tsiku. Mwana wanga wa Fomu 3 akuti masamu otchedwa linear function angandiuze phindu ndisanayatse n'komwe mbaula. Kodi akunena zoona? Ndine mayi wa ku Ndirande.

Yankho: Mayi, mwana wanuyo akunena zoona, ndipo masamuwo si ovuta monga dzina lake likumvekera. Pa limodzi lililonse limene mwagulitsa mumatsala ndi K80, chifukwa pa K200 mwachotsapo K120. Koma K4,000 ija mumailipira ngakhale tsikulo mutagulitsa asanu okha. Tikati n ndi chiwerengero cha mandasi ogulitsidwa, ndipo P ndi phindu, timalemba kuti P = 80n − 4,000. Ndi y = mx + c yemwe uja wa m'kope la mwana wanu, ndipo akaijambula pa galafu imatuluka mzere woongoka umene umayambira pansi pa ziro n'kumakwera.

Chofunika kwambiri pa mzerewu ndi pamene ukudutsa pa ziro. Mukagawa 4,000 ndi 80 mupeza 50, kutanthauza kuti mandasi 50 oyambirira amangobweza zimene mwalipira, ndipo phindu limayambira pa la 51. Mukagulitsa 150, phindu ndi K8,000.

Masamuwa amathandizanso pamene mukuganiza zokweza mtengo. Pa K250 mumatsala ndi K130 pa limodzi, choncho mandasi 93 okha akupatsani K8,000 yomweyo ndi kena kapamwamba pang'ono. Ndiye kuti ngakhale malonda atatsika ndi mandasi 57, simunaluze, koma ngati ogula angathawire kwa anzanu ogulitsa pa K200, masamu sangakuuzeni kuti athawa angati. Zimenezo mukuzidziwa ndinu amene mumakhala pa msikapo.

Chimene ndikufuna muchenjere nacho ndi ichi: mzere uja ukuganiza kuti onse amene mwakazinga agulidwa. Tiyerekeze kuti mwakazinga 150 koma mwagulitsa 120. Mwalandira K24,000, zopangira zadya K18,000, kuphatikizapo K4,000 ija, ndiye kuti mwatsala ndi K2,000 yokha. Mukanangoika 120 mu masamu aja mukanapeza K5,600, ndipo madzulo mukanadabwa kuti ndalama zapita kuti. Otsala, odyedwa ndi ana pakhomo (inde, nawonso awerengedwe) ndiponso otengedwa pa ngongole, zonsezi zimadya mpamba mwakachetechete.

Manambala a K120 ndi K4,000 nawonso sakhalitsa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya katundu wambiri inakwera, ndipo aliyense amene anapitiriza kuwerengera ndi mitengo yakale ankadzinamiza yekha. Mukagula ufa kapena mafuta pa mtengo wina, K120 ija muiwerengenso tsiku lomwelo.

Mupatseni mwanayo kope loti azilembamo madzulo aliwonse okazingidwa, ogulitsidwa ndi otsala, ndipo pakatha milungu iwiri mudzaona chiwerengero choyenera kukazinga pa tsiku lililonse la sabata.