Kodi mwana wa zaka 13 aonere How High?

Mayi wina wandilembera imelo. Akulera mwana wa mchemwali wawo, mnyamata wa zaka 13 yemwe ali fomu 1, ndipo wabwera kunyumba ndi filimu ya How High pa fulashi, akuti anzake onse anaionera kale. Funso la mayiwo ndi loti, popeza ndi nthabwala chabe za ophunzira a ku yunivesite, angomuleka aonere?

Mayi, ayi, musamulole pa msinkhu umenewo.

How High inatuluka ku America mu December 2001. Anaitsogolera ndi Jesse Dylan, ndipo osewera akuluakulu ndi oimba rap awiri, Method Man ndi Redman. Bungwe loika misinkhu ya mafilimu kumeneko, la MPAA, linaipatsa chilembo R, kutanthauza kuti wosakwana zaka 17 salowa m'holo ya kanema popanda kholo kapena womulera. Zifukwa zake zinali kusuta chamba kosalekeza ndi kutukwana. Ndiye bungwelo linaika malire pa 17, wanuyo atsala ndi zaka zinayi.

Kutukwanako n'kochuluka, ndipo akazi ambiri m'filimuyi alimo ngati zokometsera maso basi. Mike Epps akusewera ngati Baby Powder, munthu wodyera pa atsikana oyendayenda, ndipo ntchito yakeyo aisandutsa choseketsa. Komabe chondidetsa nkhawa kwambiri ndi nkhani yeniyeniyo.

M'filimuyi, Silas (Method Man) amalima chamba m'nyumba mwake. Mnzake Ivory atamwalira, iye amatenga phulusa la mtembowo n'kuthira ku mbewu zake ngati feteleza. Aliyense akasuta chambacho, mzimu wa Ivory umaonekera. Pa mayeso olowera ku koleji, mzimuwo umauza Silas ndi mnzake Jamal (Redman) mayankho onse, mpaka awiriwo kutengedwa ku Harvard, yunivesite yakale kuposa zonse ku America, yomwe inakhazikitsidwa mu 1636. Atafika kumeneko, sukulu imayenda bwino malinga chamba chilipo. Chitasowa, amagwa m'kalasi, ndipo amakafukula manda a John Quincy Adams, pulezidenti wachisanu ndi chimodzi wa dzikolo, kuti amusute nayenso. Inde, mwawerenga bwino.

Munthu wamkulu amadziwa kuti izi ndi zopusa zochitira dala, ndipo malo ena amasekadi mpaka misozi. Koma taganizirani mwana amene akuvutika ndi masamu, amene anamvapo kale kwa anyamata a pamsika zoti chamba chimatsegula mutu. Kwa ola limodzi ndi theka akuona anthu otchuka, ovala bwino, okondedwa ndi atsikana, akukhoza mayeso chifukwa chosuta, pomwe mkulu wa sukulu amene akulimbikira mwambo ndiye chitsiru cha filimu yonse. Mzimu uja adziwa kuti ndi bodza. Chimene chingamukhale m'mutu n'choti osuta ndiwo madolo. Pomwe madokotala amanena zosiyana: chamba chimafooketsa kukumbukira zimene wangophunzira kumene, ndipo woyamba kusuta ali wamng'ono ndi amene amavutika kwambiri kusiya.

Ena angakuuzeni kuti muzingodumphitsa malo oipawo. Mudumphitsa chiyani? Mukachotsa utsi, filimu yatha.

Mnyamatayo akhoza kukuuzani kuti ku America chamba n'chololedwa. Ku Massachusetts, komwe kuli Harvard, anavomerezadi mu 2016, koma kwa a zaka 21 kupita m'tsogolo. Ku Malawi lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale kwa okhala ndi chiphaso, koma kusuta ukadali mlandu.

Akanakhala wa zaka 17 kapena 18, ndikanati mwina, ndipo mukanachita bwino kuonera naye, ngakhale manyazi akanakugwirani nonse awiri. Kwa uyu, fufutani filimuyo, koma musamukalipire ngati wapalamula, chifukwa akangopita kukaionera pa foni ya mnzake. Mwinanso anaionera kale, pano akungofuna chilolezo. Mufunseni kuti anzakewo akuti chowasangalatsa m'menemo n'chiyani, ndipo mumuuze mosabisa chifukwa chimene mwakanira.

Muyang'anenso bwino pa fulashipo. Pali How High 2 ya mu 2019, ya Lil Yachty ndi DC Young Fly, yomwe inaonetsedwa pa MTV. Osewera akuluakulu anasintha, koma nkhani ndi ya chamba yomweyo, ndipo yankho langa ndi lomwelo.